Masitata Atatu a Malume Fanuel

Amene anandilakwira ndi malume anga enieni, a Fanuel, obadwa bere limodzi ndi mayi anga. Anaima pamalo omwetsera mafuta ku South Bend, kuno ku America, masanasana, pamaso pa gulu la Amalawi, n'kunena kuti ine ndawaonongera galimoto ndi hamala chifukwa ndine mbuli yosamaliza sukulu. Ananena m'Chichewa, kenako anabwereza m'Chingerezi kuti ana obadwira kuno nawonso amve.

Za sukuluzo sananame. Ndinalekezera Fomu 2. Mphunzitsi wina anaseka nsapato zanga m'kalasi, ine n'kumugenda ndi dasitala, ndipo sindinadikire kuti andichotse, ndinanyamuka ndekha. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Kuchoka apo ndinakakulira pa galaja ya pansi pa mtengo ku Ndirande, kukonza maminibasi. Kumeneko sitata ikakana, uja ndi mota waung'ono umene umazunguza injini kuti ilire, umalowa pansi n'kuigogoda pang'ono ndi hamala wina akupotokola kiyi, imadzuka. Ikakanabe, makondakitala amakankha. Ndi mmene tonse tinaphunzirira, ndipo anthu ankafika kuntchito.

Kuno ndinabwera ndi mwayi wa lotale ija ya mapepala okhalira ku America. Malume anali atakhalako kale zaka zambiri, ophunzira za mankhwala, ogwira ntchito kuchipatala, mkulu wa mpingo. Pa Chileka mayi anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ukawamvere malume ako," anatero. "Ndipo mkwiyo wakowo uusiye pompano. M'ndege sakweza katundu wotere."

Ndinafika m'nyengo ya chisanu. Anandipatsa chipinda chapansi pa nyumba, pafupi ndi makina ochapira. Ntchito yoyamba inali yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, kupita pa basi, zala zitauma ngati nkhuni. Koma chisanu sichinkandivuta ngati Lamlungu. Tikatuluka m'tchalitchi, aliyense wondipatsa moni funso linali limodzi: "Ndiye mukuphunzira chiyani?" Uyu nesi, uyu mphunzitsi wa kuyunivesite, uyu akumaliza masitazi. Ine ndinkati, "Ndimakonza galimoto." Ankati "Oo, chabwino," maso ali kale kwina.

Koma galimoto siidziwa digiri. Nesi wina mabuleki ake ankalira, ndinamusinthira. Anauza mnzake. Pasanathe miyezi, Loweruka lililonse pabwalo pa malume pankaima galimoto zitatu, zinayi, eni ake atakhala m'nyumba akumwa tiyi. Anayamba kunditchula kuti a Injiniya. Ndinkadziwa kuti mkati mwake muli kachipongwe, koma ndinkalikonda dzinalo. Chaka chimenecho mayi anachotsa malata odontha aja n'kukhoma atsopano, ndipo anauza mzere wonse kuti ndi manja a mwana wawo.

Ndiye malume anagula motahomu. Ndi chigalimoto chokhala ndi nyumba mkati: bedi, khitchini, chimbudzi, mpaka makatani. Anaigula kwa nkhalamba zina zachizungu, ndipo pobadwa inandiposa. Ankaitsuka okha, osalola munthu. Koma inali ndi nthenda. M'mawa ikazizira inkalira kamodzi n'kamodzi. Ikayenda n'kutentha, ukangoizimitsa, basi. Upotokole kiyi, umangomva kuti kha, kenako zii. Uidikire mpaka izizire ndiye idzuke.

Tsiku loti mawa kuli pikiniki ya Amalawi, malume anabwera nayo kuchokera kogula zinthu, iyo n'kukana pabwalo pomwepo. Ndinalowa pansi ndi hamala, mwana wawo wamkazi Tadala, msuweni wanga, ali pa kiyi. Ndinagogoda kawiri, inalira. Mwina inali itangozizira yokha, panopa ndikutha kuvomera. Malume ankaonera pawindo.

"Malume," ndinatero nditatuluka, "nthenda yeniyeni sindinaipeze. Mumwetseretu mafuta lero ikazizira, ndipo mawa musaizimitse mpaka titafika."

"Galimoto yanga ndizizimitsa ndi chilolezo chako?"

Mawa lake sanamwetseretu. Tinanyamuka mdipiti wa galimoto, motahomu patsogolo, azimayi ndi mapoto a zakudya ali mkati. Tinazungulira kutenga anthu m'makomo, injini n'kutentha bwinobwino, ndiye malume anakhotera pomwetsera mafuta. Anazimitsa, anamwetsa, anapotokola kiyi. Kha.

Azibambo anatsika m'galimoto zawo. Wina anati, "Tiyeni tingokankha ngati kwathu." Anavula mawotchi, anapinda malaya, madigiri onse aja n'kutsamira kumbuyo kwa chinyumba choyendacho.

"Ndi otomatiki iyo," ndinatero. "Otomatiki sakankha. Mukafika nayo ku Chicago isanalire."

Sanandimvere. Anakankha mpaka m'mphepete mwa msewu, thukuta kamukamu, wina nsapato inavuka. Apa ndiye ndinalakwa ine: ndinaseka. Azungu amene ankamwetsa mafuta ankaonerera, ndipo malume manyazi anawagwira. Anatsika, anandiloza chala, n'kulankhula mawu aja. Anati anandiona ndi maso awo ndikuphwanya sitata ndi hamala ngati ndikuswa miyala. Anati aliyense wondipatsa galimoto adziwe kuti akupatsa mbuli.

Mutu unazungulira. Ndinanyamula bokosi la zakumwa zoziziritsa n'kulimenyetsa pansi, mabotolo mbwee. Tadala akanapanda kundikoka malaya, sindikudziwa kuti nkhani ino ndikanailembera kuti. Ndiye anthu anaona okha zimene malume ananena: mbuli, yolusanso.

Lamlungu lisanathe nkhani inali itafika ku Ndirande. Mayi anaimba akulira. "Waphwanya galimoto ya malume ako, n'kufunanso kuwamenya? Ndiyenda bwanji ine?" Loweruka lotsatira pabwalo panalibe galimoto ngakhale imodzi. Linalonso chimodzimodzi. Nesi uja wa mabuleki anandiona m'sitolo n'kukhotera ku mashelefu ena. Anzathu ophunzira akanyozedwa amakhala ndi pepala m'dirowa loti angatulutse. Ine pepala langa linali pakamwa pa anthu, ndipo malume analing'amba.

Ndinalongedza chikwama n'kupita ku Indianapolis. Kumadzulo kwa mzindawo, m'mbali mwa Lafayette Road, kuli masitolo ndi malo odyera a anthu obwera ngati ife, ndipo kuseri kwa sitolo ina kunali galaja ya mdala wina wa ku Mexico dzina lake Beto. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino. Tsiku loyamba anandipatsa galimoto yokana kulira kuti aone. Ndinatenga hamala. Anandilanda, anaitsekera m'dirowa, n'kundipatsa mita yoyezera magetsi.

"Magetsi ndi mlendo," anatero. "Amachoka ku batire, amakagwira ntchito, ayeneranso kubwerera kwawo. Aliyense amayang'ana njira yopitira. Yobwerera ndani amaifunsa?"

Mdala ameneyo anandiphunzitsa kuyeza ndisanagule chitsulo. Batire poyamba. Kenako waya wamkulu wopita ku sitata. Kenako kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi. Pomaliza njira yobwerera, waya uja wolumikiza injini ndi thupi la galimoto, amene kwathu timati efi. Ndipo uziyeza wina atapotokola kiyi, chifukwa waya wovunda amaoneka wamoyo mpaka utamusenzetsa katundu.

Zaka za kwa Beto zinali zowawa ndi zokoma. M'chisanu galimoto zinkabwera zitadzaza mchere umene amathira m'misewu, madzi ake n'kumakudonthera m'khosi uli pansi. Zala zinkang'ambika, tinkazimata ndi tepi ya magetsi. Masana tinkadya limodzi pa bonati. Iye ankanyadira tsabola wa kwawo, ndiye tsiku lina ndinamubweretsera kambuzi amene munthu wina anabwera naye kuchokera kumudzi. Analuma kamodzi, misozi chuchuchu, n'kunena kuti ndi chimfine. Tsiku lina kasitomala ananditukwana, ine n'kuponya sipanala kukhoma. Beto sanakalipe. Anangoti, "Katole, uipepese. Imene ija ndiyo imakudyetsa." Ndinakatola. Kupepesako ndinachita chamumtima, koma ndinachita.

Mayi ndinkawatumizirabe thandizo, ankalandira, ankathokoza, koma pomaliza pa foni ankati, "Udzawapepese malume ako." Mawu amenewo ankandidya kuposa mchere wa m'misewu.

Wondiuza za ku South Bend anali Tadala yekha. Anati malume anapita nayo motahomu ku galaja yaikulu, anaikamo sitata yatsopano. Inayenda sabata ziwiri, kha. Anabwerera, akugalaja anati yatsopanoyo inali yolakwika ku fakitale, anaikamo ina. Kenako batire. Kenako sitata yachitatu, kwina. Nthenda osasuntha. Ine ndikamva choncho ndinkagona chagada n'kumayenda ndi waya aliyense m'mutu, kuchokera ku batire mpaka kubwerera. Ndinkaganizira pamene pali vuto, koma sanandifunse, ndiye ndinakhala chete.

Kenako Tadala anapeza mwamuna, mnyamata wachimalawi amene makolo ake amakhala ku Beech Grove, kum'mwera kwa Indianapolis. Chinkhoswe anakonza kuti chichitikire kumeneko, pa paki, pansi pa shedi yobwereka. Vuto linali limodzi. Pa chinkhoswe mkazi sakhala poyera. Amabisala m'nyumba ndi atsikana ena, akuchikazi n'kumatulutsa mmodzimmodzi atamufunditsa zitenje kuti akuchimuna alephere kuzindikira wawo. Pa paki nyumba ilibe. Malume anati nyumba ilipo, ndi motahomu. Anthu anayesa kuwaletsa, anakana. Ine Tadala anandiitana, ndinati ndili pa ntchito.

Loweruka lake, chakumasana, foni inalira ndili pansi pa galimoto ya munthu.

"Amuna anga," anatero Tadala. Paja msuweni ndi mkazi wako wa chibwana.

"Lero ndakhalanso amuna ako? Si ukukwatiwa ndi wa tayi uja?"

"Ndikwatiwa bwanji ndili pa gas station? Motahomu yakana. Tili pafupi ndi kwanuko, pa Lafayette Road."

"Anazimitsiranji?"

"Nkhuku."

"Nkhuku yatani?"

Anafotokoza. Akuchikazi amapereka msoti, akuchimuna tambala, ndipo Anti, akazi awo a malume, anakana za nkhuku ya pulasitiki imene ena amagwiritsa ntchito kuno. Anakagula wamoyo kwa alimi ena akuno oyenda pa ngolo za akavalo. Ulendo wonse msoti unali m'katoni, ndipo pofika m'tauni unali utatasa khosi, kukamwa yasa. Anti anati nkhuku yofera m'njira pa chinkhoswe ndi malodza, imani tiupatse madzi. Malume anaima, dzanja n'kupita lokha pa kiyi.

"Akuchimuna adikira kale ola lathunthu," anatero Tadala. Mawu anali atasintha. "Shedi tabwereka mpaka folo koloko basi. Please, msuweni."

"Bambo ako akudziwa kuti ukundiimbira?"

"Akumva. Ali pompano."

Ndinauza Beto. Anandiponyera makiyi a galimoto ya pa galaja. Ndinatenga mita, mawaya ojampitsira, ndi waya wamkulu watsopano mmodzi.

Ndinawapeza ataunjikana pamthunzi wa motahomu, onse atavala chitenje chofanana cha chinkhoswe. Nkhope zambiri zinali zomwe zija za tsiku la pikiniki. Anti anali atakhala pa sitepe, msoti uli pamiyendo, akuupemerera ndi pepala. Malume anali pa chiwongolero. Ndinadabwa mmene anakalambira. Imvi mutu wonse, khosi la malaya litawakulira. Ndinapereka moni kwa aliyense mwaulemu wake, chifukwa mayi anandilera.

"Malume, mwaswera bwanji?"

"Taswera." Maso ali pa galasi.

"Ikani giya pa paki. Yatsani magetsi. Potokolani kiyi."

Kha. Magetsi akutsogolo sanagwe mphamvu kwenikweni. Ndinayeza batire, linali lodzaza. Ndinayala katoni ya nkhuku ija pansi n'kulowa. Kutentha kwake ngati uvuni wa njerwa, ndipo paipi ya utsi inandiwotcha pamkono, chipsera ndili nacho. Sitata inali apo, yatsopano, yonyezimira pakati pa dzimbiri lokhalokha.

"Potokolaninso, mugwire pomwepo."

Pa waya wamkulu moto unkafika wokwanira. Pa kawaya kochokera ku kiyi unkafikanso, kutanthauza kuti kiyi ndi switchi ya pa giya zinalibe mlandu. Ndiye ndinaika mwendo umodzi wa mita pa chitsulo cha injini, wina ku batire mbali yobwerera. Njira ikakhala yabwino mita siyenera kuwerenga kanthu pamenepo.

"Kachitatu, malume."

Manambala analumpha. Moto unkafika pa sitata, n'kusowa pobwerera.

Ndinatuluka, ndinatenga waya mmodzi wojampitsira, mbali ina ku batire kobwerera, ina ndinaluma nayo injini yeniyeniyo. Bambo wina wa kuyunivesite, mmodzi wa okankha aja, anati, "A Injiniya, kujampa tayesa kale."

"Simunajampe pamene ndajampa ine. Malume, lizani."

Inalira kamodzi n'kamodzi, mpaka msoti unadzidzimuka n'kukupiza mapiko. Azimayi anayamba nthungululu. Ine ndinati ayi, sitinathe, zimitsani. Malume anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. Dzanja linakana kupita pa kiyi.

"Zimitsani, malume. Ndilipo."

Anazimitsa. Ndinalowanso pansi n'kufufuza ndi dzanja kuseri kwa injini mpaka ndinamupeza: efi, waya wolukidwa ngati tsitsi, wobisika pamalo poti munthu wosintha sitata sangayang'ane. Anali wobiriwira ndi mchere wa zaka ndi zaka. Nditangomukoka pang'ono anaduka, tinatsala tiwaya titatu kapena tinayi. Pozizira tiwaya timeneto tinkayesetsa. Injini ikatentha, sitata n'kufuna moto wambiri, tinkagonja. Ndinapala dzimbiri mpaka chitsulo chinawala, ndinamanga waya watsopano, ndinachotsa wojampitsira uja. Wovundayo ndinaika m'thumba.

"Lizani." Inalira. "Zimitsani. Lizani." Inalira. Ndinawachititsa katatu, injini ili yotentha, aliyense akuona.

Bambo wa kuyunivesite uja anasendera pafupi. "Ndiye vuto silinali sitata?"

Ndisanatsegule pakamwa, malume anaimba hutala. "Tachedwa, tachedwa. Kwerani, za makaniko tikamba bwino."

Tadala anatulutsa mutu pawindo, nkhope itapakidwa kale. "Ukubwera. Usandiyankhe, ukubwera."

Ndinawatsatira mpaka ku Beech Grove ndi ovolosi yanga yamafuta. Chinkhoswe chinayenda bwino, ndisaname. Motahomu inaima pafupi ndi shedi, makatani otseka. Anatulutsa woyamba atamufunditsa zitenje, akuchimuna anavundukula n'kupeza ndi mayi wina wa zidzukulu, anthu kugwa ndi phwete. Wachiwiri anali mtsikana wobadwira kuno amene anayamba kuseka asanafike n'komwe. Wachitatu ndiye anali Tadala. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, msoti uli moyo, ukuyang'ana uku ndi uku. Ndinaima kumbuyo, mtima uli m'malo. Zonsezo zinachitika chifukwa cha manja anga, ndipo ndinkadziwa.

Kenako anapereka maikolofoni kwa bambo a mkazi. Malume anathokoza ankhoswe, anathokoza abusa, anathokoza azimayi ophika, anathokoza mpaka amene anabwereketsa mipando. Ndiye anati, "M'njira tinakumana ndi kavuto pang'ono, koma Mulungu ndi wabwino, anatitumizira thandizo." Anthu anati ameni. Ena anatembenuka kundiyang'ana, n'kubweza maso msanga. Malume anakhala pansi.

Ndinamva mutu ukuyamba kuzungulira ngati kale. Pafupi nane panali tebulo la zakumwa. Ndinaliyang'ana, ndinalowetsa manja onse awiri m'matumba, n'kuwasiya momwemo.

Nthawi ya chakudya malume anandikodola kuti tipite kuseri kwa motahomu, kopanda anthu. Anatsokomola, anakonza kolala.

"Wagwira ntchito," anatero motsitsa mawu. "Zakale n'zakale, iwe. Ndife amodzi. Chipinda chako chija chilipobe, ukafuna kubwerera. Anthu ayambanso kukupatsa galimoto, waona wekha lero. Nkhani izithera pompano."

Anatambasula dzanja kuti tigwirane. Ndinatulutsa waya wovunda uja m'thumba n'kuwaika m'dzanja limenelo. Anamuyang'ana, tizidutswa tobiriwira tikuwagwera pa nsapato. Sindinakweze mawu. Beto akanakhalapo sakanakhulupirira.

"Malume, amene anakuonongerani galimoto ndi ameneyu. Analimo ine ndisanaigwire, ndipo anakhalamobe mpaka masitata atatu. Chipinda sindikuchifuna, ndili ndi kwanga. Koma kuseri kuno sikumene munandinyozera. Anthu amene munawauza kuti ndine mbuli yophwanya galimoto ndi omwewo akudya mpunga apowo, ndipo maikolofoni sanazimitse. Mukawauze m'Chichewa, mubwereze m'Chingerezi. Mukatha muimbire mlongo wanu ku Ndirande, amve kuchokera pakamwa panu. Ine ndaima pompano, ndikudikira."